Ndisiye ntchito yolondola miliri ndikaphunzitse ku yunivesite?

Wolondola Miliri:
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osayankhula, lero ndabwera ndi nkhani yanga. Ndagwira ntchito yolondola matenda kwa zaka 9. Kolera ikabuka, kapena chikuku chikayamba kugwira ana, ndife timathamanga ndi mafomu, kulemba odwala mmodzimmodzi, kufunsa komwe amatunga madzi ndi kuwerenga ana amene anabayitsa katemera. Ndili ndi digiri ya MPH, masitazi ya zaumoyo wa anthu. Yunivesite ina inalengeza kuti ikufuna lekichala mu dipatimenti ya zaumoyo wa anthu, ndinalembera, ndipo andiitana ku intaviyu sabata yamawa. Usiku wa dzulo sindinagone bwino. Kuphunzitsa ndimakukonda kwambiri, moti achinyamata akabwera ku ofesi kwathu kudzaphunzira ntchito amawapereka kwa ine. Koma PhD ndilibe, ndipo pepala la kafukufuku lomwe lili ndi dzina langa ndi limodzi lokha. Inu amene muli m'katimo, ntchitoyi ndi yotani kwenikweni? Mundiuze zoona, musandinyengerere.

Lekichala wa Epi:
Zikomo achemwali chifukwa chofunsa musanalowe. Ndimaphunzitsa Epi, kapena kuti epidemiology, phunziro la mmene matenda amafalikira mwa anthu. Ine ndinalowa osafunsa, ndipo chaka choyamba chinandilemera. Choyamba mudziwe kuti akukulembani ntchito imodzi koma mukagwira zitatu. Pali kuphunzitsa, pali kafukufuku, ndiye pali zothandiza sukulu ndi anthu, monga kukhala m'makomiti, kuona mapepala a anzanu ndi kulangiza boma likafunsa. Pa kalata yolembera ntchito zonse zitatu zimaoneka zofanana. Koma tsiku lofuna kukwezedwa, komiti imayamba kufunsa kuti mwasindikiza mapepala angati, m'ma journal ati, ndipo mwabweretsa ndalama zingati za kafukufuku. Za m'kalasi zimabwera pambuyo, nthawi zina mzere umodzi wokha pa fomu.

Chikhalirecho kuphunzitsako ndi kumene kumadya nthawi. Ola limodzi loima kutsogolo kwa ophunzira limafuna maola angapo okonzekera, makamaka phunziro likakhala latsopano kwa inu. Kenako kuchonga mayeso. Semesita yathayi ndinatenga katoni ya mapepala kupita nayo kunyumba, ndinkachonga mpaka m'bandakucha kwa masiku anayi, ana anga akungondiona nsana. Ndiye pali ophunzira a masitazi amene mukuwayang'anira, aliyense ndi thesis yake, aliyense akufuna mumuwerengere chaputala lero lomwe. Kafukufuku wanu amatsala wa usiku ndi Loweruka.

Sindikukuopsezani ayi. Ndikadali pano ndipo sindikufuna kuchoka. Ndikungofuna mulowe maso ali gwa.

Ndinachokako:
Ine ndinena mosabisa, achemwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaphunzitsa zaka 6 ndipo ndinachoka. Chimene chinandichotsa si ophunzira, ophunzira ndinkawakonda ndipo ena timalemberanabe. Chinandichotsa ndi kontirakiti. Malipiro anga ankachokera ku ndalama za pulojekiti, osati ku thumba la yunivesite. Pulojekiti ikamatha, tulo timathanso. Chaka chilichonse ndinkalemba mapempho a ndalama atatu kapena anayi, ambiri n'kubwezedwa, ndipo pempho lililonse limadya milungu. Tsiku lina ndinapeza kuti ndatha mwezi wathunthu ndikulemba bajeti, osakhudza deta ngakhale kamodzi. Ndinadzifunsa kuti kodi ndinaphunzirira zimenezi?

Musaiwale zimene zinachitika mu 2025. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri lakunja mu Januwale, mapulojekiti m'mayiko ambiri anaima mwadzidzidzi. Mu Febuluwale bungwe la NIH, la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, linalengeza kuti ndalama zoyendetsera sukulu zomwe limaphatikiza pa thandizo la kafukufuku zisapitirire 15 peresenti, nkhani mpaka inakafika kukhoti. Anthu odziwa ntchito, a ma PhD awo, anakhala pansi. Ndiye funso loyamba pa intaviyupo likhale lakuti: malipiro anga achokera kuti?

Wolondola Miliri:
Zimenezi sindinaziganizire n'komwe. Pachilengezocho anangolemba kuti kontirakiti ya zaka ziwiri, yomwe atha kuionjezera. Ndifunsa. Nanga kufunsa za malipiro pa intaviyu sikuoneka ngati mwano?

Mayi wa Masamu:
Si mwano mchemwali wanga, bola kafunsidwe. Mufunse kuti mpandowu ndi wokhazikika wa yunivesite kapena ndi wa pulojekiti, ndipo pulojekitiyo ikutha liti. Anthu a pa intaviyu amalidziwa funso limeneli, ambiri a iwo linawasowetsapo tulo. Mufunsenso kuti mudzaphunzitsa maphunziro angati pa semesita, ophunzira angati m'kalasi, komanso ngati amapereka nthawi yoti munthu akachite PhD akulandirabe malipiro. Lachitatuli ndiye lalikulu kwa inu.

Koma ine ndikufuna nditsutse pang'ono zimene mwanena zoti muli ndi pepala limodzi lokha, ngati kuti mulibe kanthu. Ine ndimaphunzitsa biostatistics, masamu a ziwerengero za zaumoyo. Vuto langa lalikulu si ophunzira osadziwa masamu, koma ophunzira amene sanaonepo komwe nambala imachokera. Amatsegula pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta ngati Stata kapena R, amadina, tebulo limatuluka, iwo n'kukhulupirira. Sadziwa kuti kuseri kwa nambala iliyonse kuli namwino wotopa amene analemba m'kaundula ndi cholembera chakutha inki, kapena tsamba lomwe linanyowa n'kung'ambika. Inu mwagwira makaundula amenewo ndi manja anu. Mukudziwa kuti nthawi zina chiwerengero cha ana obayidwa katemera chimaposa 100 peresenti, ndipo mukudziwa chifukwa chake: nambala ya pansi, ya ana onse a m'deralo, inachokera ku kalembera wakale, kapena ana ena anachokera kudera lina. Ine ndimathera sabata yathunthu kufotokoza zimenezi pa bolodi. Inu mungazifotokoze m'mphindi khumi ndi nkhani imodzi yomwe munaiona.

Mwana wa PhD:
Mayi anena zoona. Ine ndili chaka chachitatu cha PhD. Phunziro limene linanditembenuza mutu linali la mphunzitsi wina amene anachokera ku ntchito ngati yanuyo. Tsiku loyamba sanatsegule kompyuta. Anatipatsa mndandanda wa anthu amene anadwala m'mimba atadya paphwando, ndi zimene aliyense anadya, n'kutiuza kuti tipeze chimene chinawadwalitsa ndi pensulo basi. Tinakangana maola awiri. Pamapeto pake tinamvetsa chifukwa chake uyenera kufunsanso amene sanadwale. Mpaka lero ndikamawerenga pepala lililonse ndimayamba kufunsa kuti, kodi akufanizira ndi ndani?

Pulofesa Wopuma:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiikepo mawu, mundipirire chifukwa ndilemba zambiri.

Ntchito yathuyi sinabadwire m'kalasi. Mu 1854 kolera itabuka ku Soho mu mzinda wa London, John Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe omwalirawo ankatunga madzi. Anthu oposa 600 anafa pa mliri umenewo. Ambiri amangokumbukira zoti chogwirira cha mjigo wa pa Broad Street chinachotsedwa, koma ine ndinkauza ophunzira anga kuti luso lenileni linali pa anthu amene sankagwirizana ndi mapu ake. Antchito a pamalo ofululira mowa pafupi pomwepo sanadwale, chifukwa sankamwa madzi a pamjigowo. Ndipo mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, anamwalira ndi kolera, Snow n'kupeza kuti ankatumizitsa madzi a pa Broad Street chifukwa ankawakonda kukoma kwake. Mliriwo unali utayamba kale kuchepa pamene ankachotsa chogwiriracho, ndipo zimenezinso wophunzira ayenera kuuzidwa, kuti aphunzire kusathamangira kunena kuti chimene wachita ndicho chathetsa vuto. Zimene Snow ankachitazo ndi zimene mwana wangayu wakhala akuchita zaka 9.

Masukulu anabwera pambuyo. Sukulu ya Liverpool ya matenda a m'madera otentha inayamba mu 1898, ya London mu 1899, ndipo ya Johns Hopkins ku America mu 1916 ndi ndalama za Rockefeller Foundation. Kuyambira pachiyambi, masukulu amenewa sankadalira madokotala okha. Austin Bradford Hill, amene pamodzi ndi Richard Doll anaonetsa mu 1950 kuti kusuta fodya n'kogwirizana ndi khansa ya m'mapapo, sanali dokotala wa zachipatala, anali katswiri wa ziwerengero. Doll mwiniwake ankasuta, ndipo anasiya ali m'kati mwa kafukufukuyo ataona zimene nambala zinkanena. Mu 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain, ntchito yomwe inatenga zaka 50. Ndikunena zimenezi kuti muone kuti mu dipatimenti yabwino mumakhala anamwino, a masamu, a zachuma, a zachilengedwe ndi a zachikhalidwe cha anthu, ndipo palibe amene ayenera kudziona ngati mlendo.

Tsopano za PhD. Ndisakunamizeni mwana wanga, popanda iyo mudzafika pena pake n'kuima. Masukulu ambiri amalemba munthu wa masitazi pa mpando woyambira, koma kuti mukwere, kuti muyang'anire ophunzira a PhD, kapena kuti mutsogolere kafukufuku wamkulu, adzaifuna. Mayina a mipando amasiyana. Kumene amatsata dongosolo la ku Britain amayamba ndi lecturer, kenako senior lecturer, kenako reader kapena associate professor, n'kumaliza ndi pulofesa. Ku America amayamba ndi assistant professor, ndipo amene ali pa njira ya tenure amaunikidwa pakatha zaka pafupifupi 6. Akapambana, mpando ndi wawo mpaka kalekale, akalephera amayenera kufuna kwina. Koma kulikonse makwerero ake ndi omwewo, mapepala ndi ndalama za kafukufuku.

Ine ndinakhala m'makomiti okweza anthu kwa zaka zambiri, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe. Tinamukanira mayi wina amene anali mphunzitsi wabwino kuposa tonse mu dipatimenti, chifukwa mapepala ake anali ochepa. Ndinavomereza nawo chigamulocho. Ophunzira ake lero ndi amene akutsogolera ntchito zaumoyo m'malo ambiri. Ndikanakhala ndi mwayi wobwerera m'chipinda chija, ndikanaima n'kukana.

Lekichala wa Epi:
A Pulofesa, zikomo chifukwa chonena zimenezo poyera, si ambiri angatero. Koma kodi zikusintha? Kwathu kuno akadawerengabe h-index ngati ndi sikelo ya kuchipatala.

Pulofesa Wopuma:
Zikusintha koma pang'onopang'ono. Muyeso wa h-index anauyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo iye ndi wa physics. Umangoona kuti muli ndi mapepala angati amene atchulidwa kangati ndi ena. Sungaone kuti malangizo amene munalembera unduna anapulumutsa ana. Mu 2012 asayansi ndi akonzi a ma journal anakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu asamayesedwe ndi kutchuka kwa journal yomwe wasindikizamo koma ndi ntchito yakeyo. Masukulu ambiri anasayina. Ena akhazikitsanso njira yokwezera anthu chifukwa cha kuphunzitsa. Mwana wanga, ukafunse ngati sukulu yako ili nayo njira imeneyi, ndipo upemphe kuona malamulo awo okwezera anthu usanasayine kalikonse.

Ndinachokako:
Kusayina DORA ndi kwina, kuchita ndi kwina, a Pulofesa. Pepani kutsutsana nanu. Ine ndinaona anthu akuthamangira ma journal achinyengo chifukwa cha mantha a komiti. Achemwali, mukangoyamba ntchito mudzayamba kulandira maimelo okutamandani, akuti tumizani pepala lanu tisindikiza m'masiku ochepa, mungolipira. Musayerekeze. Journal yeniyeni imatumiza pepala lanu kwa akatswiri ena kuti alione, zimatenga miyezi, ndipo nthawi zambiri limabwerera ndi mafunso owawa. Onani kaye ngati journal yo ili pa mindandanda ya ma journal odalirika ngati PubMed kapena DOAJ, ndipo funsani wa ku laibulale. Pepala likalowa m'journal yachinyengo latayika, simungalisindikizenso kwina.

Pulofesa Wopuma:
Pamenepo sitikutsutsana, bambo. Mwanena zoona.

Mwana wa PhD:
Ndiwonjezere nkhani ya mayina pa mapepala, chifukwa inandipweteka ine. Ndisanayambe PhD ndinagwira ntchito pa kafukufuku wina wa anzathu ochokera kunja. Ndinaphunzitsa ofunsa mafunso, ndinakonza mafunso amene sankamveka, ndinayeretsa deta miyezi inayi. Pepala litatuluka dzina langa linali kumapeto kwenikweni, pa mawu othokoza, pamodzi ndi madalaivala. Ndinalira. Nditafunsa anati sindinalembe nawo pepalalo. Koma palibe amene anandiitana kuti ndilembe nawo. Pambuyo pake ndinawerenga malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, omwe ma journal ambiri a zaumoyo amatsata, ndipo amanena kuti amene wathandiza kwambiri pokonza kafukufuku kapena posonkhanitsa ndi kusanthula deta apatsidwe mwayi wolemba nawo. Ndikanadziwa, ndikanakambirana zimenezi tsiku loyamba. Achemwali, mgwirizano uliwonse mukalowa, nkhani ya mayina ikambidwe pachiyambi ndipo ilembedwe.

Wolondola Miliri:
Pepani achimwene, zimenezo n'zowawa. Inenso pepala langa limodzi lija, dzina langa lili pakati pa anthu khumi ndi awiri, chonsecho mliriwo ndinaulondola ndine. Ndiye ndifunse za PhD. Mnzanga wina akuti kwa munthu ngati ine yabwino ndi DrPH. Kusiyana kwake n'kotani?

Mayi wa Masamu:
PhD imakuphunzitsani kufunsa funso limodzi mozama ndi kupeza yankho latsopano mwa kafukufuku. DrPH anaikonzera anthu amene akufuna kutsogolera mapulogalamu ndi kukonza ndondomeko, ndiye imakhala ndi zambiri za utsogoleri ndi kagwiritsidwe ntchito ka umboni. Zonse ndi digiri za udokotala ndipo a DrPH ambiri amaphunzitsa. Koma ngati mtima wanu wakhazikika pa yunivesite, ine ndingasankhe PhD, chifukwa makomiti ambiri ndi imene anaizolowera. Chofunika kuposa dzina la digiri ndi supavaiza. Musasankhe munthu chifukwa chotchuka. Funsani ophunzira ake akale ngati amayankha maimelo, ngati amawerenga machaputala, komanso ngati anthu ake amamaliza. Za ndalama, yang'anani ku Wellcome, ku Fogarty International Center, ku TDR ya bungwe la WHO, ku Commonwealth Scholarship ngati dziko lanu lili m'gulu limenelo, ndi ku CARTA, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa wophunzitsa ochita kafukufuku, ngati yunivesite yanu ili nawo mu mgwirizanowo. CARTA imathandiza makamaka anthu amene akuphunzitsa kale pa yunivesite, ndiye kulowa ntchitoyi kungakutsegulireni khomo limenelo.

Mutu wa PhD muli nawo kale m'kabati mwanu. Deta ya zaka 9 ya miliri, mutapeza chilolezo cha eni ake ndi cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, ingatuluke mapepala atatu.

Lekichala wa Epi:
Ndipo pa intaviyu mwina adzakuuzani muphunzitse kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Musadzaze ma slide. Tengani chinthu chimodzi. Ine ndimakonda ichi: tiyerekeze kuti nthenda ili mwa munthu mmodzi pa anthu 1,000 alionse, ndipo chipangizo choyezera chimapeza aliyense wodwala, koma chimalakwitsa pa munthu mmodzi mwa 100 alionse amene ali bwinobwino. Mukayeza anthu 1,000 mupeza wodwala weniweni mmodzi, ndi anthu ena pafupifupi 10 amene chipangizo chawanamizira. Ndiye mwa anthu 11 amene mwawauza kuti apezeka nayo, wodwala ndi mmodzi yekha. Ndimaona nkhope za ophunzira zikusintha nthawi imeneyo, ngakhale amene akhala m'chipatala zaka zambiri. Chaka chatha mayi wina, namwino wamkulu, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye anthu aja tinkawaopseza pachabe?" Tinakambirana mpaka nthawi inatha, za chifukwa chake timayezanso kachiwiri. Masiku oterowo ndi amene amandisunga pa ntchitoyi.

Ndinachokako:
Amenewo ndimawasowa inenso, sindikana. Kumene ndili pano ndimagona tulo, koma palibe amene amabwera kudzandiuza kuti tsopano ndamvetsa. Achemwali, ngati mupita, musawotche mlatho ndi ofesi yanu yakale. Funsani ngati angakupatseni tchuthi chosalipidwa m'malo mosiya ntchito. Zaka ziwiri zikatha zinthu zisanalongosoke, mukhale ndi kobwerera.

Pulofesa Wopuma:
Ndipo ngakhale zitalongosoka, usasiyane nawo. Ine ndinaona aphunzitsi ambiri akuuma chifukwa anasiya kupita kumene kuli odwala. Zitsanzo zawo zinakalamba, ophunzira n'kumazindikira. Pulogalamu ya EIS yophunzitsa olondola miliri, imene Alexander Langmuir anayambitsa mu 1951 ku CDC, bungwe la America lolimbana ndi matenda, ndi mapulogalamu a FETP amene anatengera chitsanzo chake m'mayiko ambiri, amaphunzitsa munthu ali pa ntchito, nthawi yambiri m'madera ndipo yochepa m'kalasi. Pali nzeru pamenepo. Kumbukiraninso kuti njira yotemera anthu ozungulira wodwala, imene inathandiza kuthetsa nthomba mpaka WHO inalengeza mu 1980 kuti yatha padziko lonse, William Foege anaiyesa kum'mawa kwa Nigeria chifukwa katemera anali wochepa. Anaipeza ali pakati pa mliri. Mliri ukabuka, utenge ophunzira ako awiri kapena atatu upite nawo, akagwire mafomu okha.

Wolondola Miliri:
Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndalemba mafunso anga m'kope: malipiro achokera kuti, maphunziro angati pa semesita, nthawi ya PhD, ndi malamulo okwezera anthu. Mawa ndikaonana ndi abwana anga za tchuthi chija. Pa phunziro la pa intaviyu ndaganiza zotenga mliri wa chikuku umene tinalondola, pamene malipoti ankasonyeza kuti ana onse anabayidwa koma ana ankadwalabe. Tinayenda nyumba ndi nyumba kuona makadi, n'kupeza kuti mabanja amene anasamukira m'deralo sanali m'chiwerengero cha aliyense. Ndichotsa mayina a malo ndi chilichonse chozindikiritsa anthu. Mayi wa Masamu, kodi ndingakutumizireni ku inbox kuti muone ngati ndawerengera bwino?

Mayi wa Masamu:
Tumizani usiku uno, ndiona mawa m'mawa ndisanalowe m'kalasi. Muikemo nambala zonse ziwiri, ya m'malipoti ndi imene munapeza poyenda m'makomo, ndipo pophunzitsapo musawauze msanga chifukwa chake zikusiyana. Muwafunse a pa intaviyuwo kuti aganize okha kaye.